Kaoneredwe Kabwino ka Mafilimu a The Godfather

Mafilimu atatu a The Godfather, amene Francis Ford Coppola anakonza potengera buku la Mario Puzo, muyenera kuwaonera motsatira zaka zimene anatuluka, kuyambira wa 1972, kenako wa 1974, n'kumalizira wa 1990. Patulani madzulo athunthu pa filimu iliyonse, chifukwa yoyamba yokhayo imatenga pafupifupi maola atatu.

Musadumphe phwando la ukwati limene limatsegula nkhaniyi. Panja anthu akuvina padzuwa, koma m'chipinda chamdima Vito Corleone, mtsogoleri wa banja la zigawenga, mphaka ali pamiyendo pake, akulandira odandaula mmodzimmodzi, ndipo apa ndi pamene mudzamvetse mmene banjali limasandutsira chithandizo kukhala ngongole. Yang'anitsitsani Michael, mwana wa Vito, amene wabwera atavala yunifomu ya usilikali ndipo akudzipatula ku ntchito za bambo ake, pakuti nkhani yonse yagona pa kusintha kwa mtima wake.

Filimu yachiwiri, imene kwa ine ndi yozama kuposa zonse, imalukanitsa unyamata wa Vito ku Sicily ndi ku New York ndi ulamuliro wa Michael ku Nevada. Onetsetsani kuti mawu omasulira akuoneka pansi, chifukwa Robert De Niro, amene amasewera ngati Vito ali wachinyamata, amalankhula kwambiri chinenero cha ku Sicily.