Mmene mungasankhire filimu ya karate yochokera ku anime yoti muonere ndi ana

Choyamba chotsani maganizo oti chilichonse chojambulidwa ngati katuni ndi cha ana, apa nde pomwe makolo ambiri amagwera. Ku Japan anime, makatuni akwawoko, amapangira anthu a misinkhu yonse, ena ndi a akuluakulu okhaokha, nde mwana akati "adadi tiikireni ija ya nkhonya" musangoika nkuchokapo ayi. Fist of the North Star mwachitsanzo ndi ya ndewu zomwezi koma munthu akamenyedwa mutu umachita kuphulika, si yoonera ndi mwana wa zaka 7.

Yang'anani kaye zilembo za msinkhu zomwe amalemba pa filimu. Za ku America ndi G (ya aliyense), PG (makolo aiunike kaye), PG-13 (samalani ndi ana osafika zaka 13), R (osafika zaka 17 aonere ndi munthu wamkulu) ndi NC-17 (ya akuluakulu okhaokha), za ku Japan ndi G, PG12, R15+ ndi R18+, manambalawo akunena zaka. Koma musazikhulupirire kwambiri chifukwa maiko awiriwa saona zinthu mofanana, filimu ya Demon Slayer ya 2020 ija, Mugen Train, kwawo anaipatsa PG12 pomwe ku America anaipatsa R chifukwa cha malupanga ndi magazi, filimu imodzimodziyo. Nde zilembozo zingokupatsani poyambira basi, chenicheni nchoti inuyo muionereko nokha ana atagona, ngakhale mongodumphadumpha, makamaka ndewu yomaliza chifukwa zoopsa amakonda kuziunjika kumeneko.

Ngati simukudziwa poyambira ine ndinganene kuti yambani ndi Dragon Ball. Analemba ndi malemu Akira Toriyama, inayamba ngati manga (nkhani ya zithunzi ya mmabuku) mu 1984 kenako Toei Animation nkuipanga anime mu 1986, ndipo Toriyama ankakonda mafilimu a Jackie Chan nchifukwa chake ndewu zake zimakhala zosakaniza ndi nthabwala. Pa mafilimu a Dragon Ball, Super Hero ya 2022 nde yokomera banja ngakhale anaipatsa PG-13, nkhani yake ikuzungulira pa Gohan, mphunzitsi wake wa ndewu Piccolo ndi kamwana ka Gohan kotchedwa Pan, Piccolo akukalipira Gohan kuti wangomira mmabuku mpaka kulephera kukatenga mwana wake kusukulu, makolo otanganidwa apa mumva kuwawa pang'ono kkk. Broly ya 2018 ndi PG koma ikangolowa ndewu siimanso, kukuwa kokhakokha ndi magetsi othwanima kwa nthawi yaitali, ana aang'ono ena amatopa nayo ena amachita mantha. Zothwanimazi musazitenge mopepuka, mu Disembala 1997 ana mazanamazana ku Japan anathamangira nawo kuchipatala ataonera gawo lina la Pokémon lomwe linali ndi kuwala kofiira ndi kwabuluu kosinthana mwachangu. Siyani getsi loyaka mchipinda, ana asakhale moyandikira sikirini, ndipo ngati pali wa khunyu mafilimu otere alekeni.

Dragon Ball yakale yeniyeni ija ya mma 80 samalani nayo, ndewu zake nzofewa inde koma agogo aja Master Roshi ali ndi nthabwala zotukwana zokhudza akazi zoti mungasowe poyang'ana mutakhala ndi mwana wanu wamkazi pambali.

Tsopano za mafilimu oseweredwa ndi anthu enieni. Dragonball Evolution ya 2009, momwe Justin Chatwin anasewera ngati Goku, mwini nkhani wa Dragon Ball, ndipo Chow Yun-fat ngati Roshi, ndi PG ndipo mulibe choti chingaononge mwana, vuto ndi loti ndi yosakoma basi, anamusandutsa Goku kukhala mnyamata wa ku sekondale wovutitsidwa ndi anzake, mpaka amene analemba nkhaniyo Ben Ramsey anadzapepesa kwa okonda Dragon Ball mu 2016. Mwana wosaidziwa anime yake atha kuionera bwinobwino, woidziwa akudandaulirani mpaka kumapeto. Rurouni Kenshin ya 2012 yomwe anasewera Takeru Satoh nde anaipanga bwino kwabasi, ndewu zamalupanga zothamanga zedi, koma muli magazi ndi imfa, isungireni achinyamata okulirapo.

Pa chilankhulo, ngati ana sanafike powerenga mwachangu sankhani yomwe anaikamo mawu a chilankhulo chomwe amamva, osati ya Chijapani ya mawu olembedwa pansi pa sikirini, apo bii mukhala mukuimitsa mphindi iliyonse kufotokoza kuti uyu wati chani. Musavutikenso kuti simunaonere magawo onse a anime yake, ingowafunsani anawo kuti wa tsitsi loimayo ndi ndani, wobiriwirayo ndi mdani kapena mnzake, amasangalala kukuphunzitsani.

Gwirizanani malamulo filimu isanayambe osati itatha, chifukwa ikangotha muona mipando yasanduka adani ndipo wamng'ono nde amakhala woyeserapo. Kukuwa "Kamehameha" manja ali kutsogolo ngati mmene amachitira Goku pomenya adani palibe vuto, alekeni akuwe, koma mateche ndi zibakera pa munthu ayi, kudumpha kuchokera pa tebulo ayinso. Akapitirizabe kumenya mphepo masabata angapo nde kuti waikondadi, mfunireni malo ophunzitsa karate, judo kapena taekwondo komwe kuli mphunzitsi ndi mphasa zogwerapo, ndipo mukaonereko kalasi imodzi kaye musanamulembetse.