Ndege ya katundu ikachita ngozi potera, nkhani yake muziitsata chonchi

Abale anga, ndege ikangochita ngozi kulikonse ma gulupu a WhatsApp amadzadza akatswiri. Tsiku lina pa depoti pano pa Zomba ndinamva bambo wina akulumbira kuti ndege za katundu zimagwa chifukwa amazipakira ngati minibasi yochokera ku Jali, mnzake nkumati ayi amwene injini inazima basi, onse awiri ataona kavidiyo ka masekondi khumi. Nde ndati ndilembeko mmene mungatsatire nkhani ngati imeneyi osapusitsidwa.

Poyamba funsani kuti ngoziyo yachitikira pati. Ndege yagwa isanaponde pa msewu wake wotera, kapena yatera bwinobwino nkulephera kuima, kapena yamenya pansi mwamphamvu nkudumpha? Zitatuzi sizifanana ndipo zoyambitsa zake nzosiyana.

Yogwa isanaponde pa msewu nthawi zambiri pamakhala nkhani ya kusaona. Inu a ku Zomba chifunga mukuchidziwa, chija chimatsika ku Chawe mu June mpaka woyendetsa galimoto osaona ngakhale njinga ya nkhuni ili patsogolo pake. Pa 16 January 2017 Boeing 747 ya katundu inafika ku Bishkek, dziko la Kyrgyzstan, muli chifunga chotero, inali pamwamba kwambiri moti inadutsa msewu wonse nkukagwera pa nyumba za anthu, anafa 39 ndipo 35 anali anthu apansi. Ku Birmingham, Alabama, ku America, mu August 2013 ndege ya kampani yonyamula katundu ya UPS inagunda mitengo kusanache, msewu wautali unali wotseka nde anapita ku waufupi, anatsika mothamanga mopitirira muyeso. Apa mufunsenso nthawi. Ndege za katundu zimakonda kuuluka usiku inu muli mtulo, ndipo mu ngozi imeneyi ofufuza anatchulanso kutopa kwa oyendetsa.

Yolephera kuima, yang'anani mvula. Tayala likakwera pa madzi buleki sigwira, zomwezija zimachitika pa Namadzi mvula yoyamba ikagwa. Ku Accra mu June 2012 Boeing 727 inatera mvula ikuvumba, inaponda pansi itadya kale gawo lalikulu la msewu, inaboola mpanda nkukawomba minibasi. Oyendetsa ndege anapulumuka, anafa ndi a mu minibasi aja omwe sankadziwa nkomwe zoti kukubwera ndege.

Yodumpha ija chitsanzo ndi ndege ya mtundu wa MD-11 ya kampani ya FedEx ku Narita, Japan, mu March 2009, kunali chimphepo, inadumpha kawiri phiko nkuthyoka, nkugadabuzika.

Za katundu bambo wa pa depoti uja sanalakwitse kwenikweni, koma vuto sikulemera kokha ayi, ndi pomwe mwauika ndi mmene mwaumangira. Wakabaza akamanga matumba atatu a mpunga wa ku Chilwa kumbuyo kwenikweni tayala lakutsogolo limanyamuka, ndege nayonso ndi choncho. Nchifukwa chake ofufuza amatenga pepala losonyeza kuti paleti iliyonse inali pati ndipo inkalemera bwanji, amaonanso malamba ngati anaduka ngozi isanachitike kapena anaduka ndi kugwako.

Kenako dziwani amene akufufuza, chifukwa si apolisi. Pali lamulo lotchedwa Annex 13 la ICAO, bungwe loona za ndege pa dziko lonse, limati dziko lomwe ngozi yachitikira ndi lomwe limatsogolera, koma dziko lomwe ndege inalembetsedwa, la kampani yake ndi lomwe inapangidwa nawonso amatumiza anthu. Nde mukamva kuti afika a NTSB, ofufuza ngozi a ku America komwe Boeing imapangidwa, pa ngozi ya Boeing musamati pali chobisa, ndi dongosolo chabe. Dziko likhozanso kupempha thandizo kwina, ngati mmene a BFU, ofufuza ngozi za ndege a ku Germany, anabwerera kuno pa ngozi ya ku Chikangawa ya pa 10 June 2024. Ndipo cholinga cha kafukufuku ameneyu sikupeza womanga, nkuti zisadzachitikenso, za milandu ndi za khothi.

Black box, yomwe mtundu wake ndi wa olenji osati wakuda, zimakhala ziwiri. Ina imajambula mawu a oyendetsa ndi phokoso lonse la kutsogoloko, mabelu ochenjeza ndi zina, inayo imasunga liwiro, kutalika, mphamvu ya injini, nthawi yomwe anaponda buleki. Akaziphatikiza amadziwa sekondi ndi sekondi. Ndege ya ku Chikangawa ija inalibe zonse ziwirizi, nde ofufuza anadalira kwambiri GPS yomwe inali mmenemo. Pansi napo amayeza mikwasa ya matayala pa tala, kuona pomwe inayambira ndi pomwe inakhotera, amatenga mabuku a makaniko, lipoti la zanyengo la ola limenelo, mawu a ku tawala komwe amalondolera ndege, mpaka kufunsa kuti oyendetsa anagona maola angati.

Pomaliza werengani masiku. Lipoti loyamba limayenera kutuluka pasanathe masiku 30, koma limangonena zomwe zinachitika, silinena chifukwa, nde musalitenge ngati chigamulo eti. Lomaliza amayesetsa kuti lituluke mu miyezi 12 koma nthawi zina limapitirira, la ku Narita lija linatuluka mu 2013, patatha zaka 4. Likatuluka musavutike ndi masamba onse mazanamazana, pitani kumapeto pomwe alemba zoyambitsa ndi zomwe akulangiza kuti zisinthe. Pa mawu oti go-around mpomwe ine ndimayambira, kutanthauza kusiya kutera nkukweranso mmwamba kukayesa kachiwiri, ndimafuna ndione ngati oyendetsa anali ndi mpata wochita zimenezo ndipo chinawaletsa nchiyani.