Kwa amene tikuseweretsa scroll saw, tamvani izi za bleedi

Anzanga, bleedi ya scroll saw (mashini yodulira zojambula pa matabwa ndi kableedi kopyapyala) ikamathyokathyoka musathamangire kunena kuti mashini ndi feki ayi, nthawi zambiri vuto ndi ifeyo. Choyamba mano aziloza pansi, mukayika chozondoka thabwa limangodumphadumpha pa tebulo. Mukamanga ikhudzeni ndi chala ngati waya wa gitala, ikalira mokweza ndiye kuti yakungika bwino, ikamveka phwephwe onjezerani.

Ndiye pali nkhani yokankha, eee apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa, timafuna kumaliza msanga nkumakankha thabwa mwamphamvu pomwe bleedi imafuna kudya yokha pang'onopang'ono, inu ntchito yanu ndi kungowongolera basi. Pa plywood ya 3mm ine ndimakonda bleedi ya saizi nambala 3, ndipo ndimaphatikiza zidutswa zitatu nkuzimata ndi tepi, ndikadula kamodzi zatuluka zitatu zofanana. Mlombwa kapena mbawa wokhuthala, tengani nambala 7, komanso matani selotepi pamwamba pa pepala la chojambula chanu, imachepetsa kupserera kwa m'mbali kuja.

Zodula za mkati yambani mwabowola kabowo kolowetsera bleedi, ndipo dulani zamkatizo kaye, kunja pomaliza. Utuchi wa MDF (matabwa opangidwa ndi utuchi wopanikizidwa ndi guluu) ndi woyipa pa chifuwa, valani masiki.