Kudziwa Windows imene ili m'kompyuta yanu

Mwafunsa kuti mungadziwe bwanji Windows imene ikuyendetsa laputopu yanu musanaikemo pulogalamu yatsopano. Kapepala komatidwa pa laputopupo musakakhulupirire, makamaka ngati munagula yogwirapo kale ntchito.

Dinani batani la chizindikiro cha Windows pamodzi ndi R. M'kabokosi katulukeko lembani winver, kenako dinani Enter. Pomwepo muona ngati ili Windows 10 kapena 11.

Mukatero lowani mu Settings, System, kenako About, muyang'ane pamene palembedwa System type, pomwe pamasonyeza mtundu wa Windows yanu, kaya ndi ya 32-bit kapena ya 64-bit. Apa ndiye pofunika zedi, chifukwa pulogalamu ya 64-bit siyenda pa Windows ya 32-bit, ngakhale muyesere kangati.

Mukapeza kuti ndi Windows 10, dziwani kuti Microsoft idasiya kuipatsa chithandizo cha nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025.