Kawebusaiti kanu kalibe alendo? Yambani ndi zomwe a kutali sangalembe

Abale anga a kuno ku Tete amene munatsegula kawebusaiti ka zomwe mumakonda, kaya ndi nkhunda, kaya bawo, kaya kukonza njinga, ndikudziwa mmene zimapwetekera, mwachezera usiku kulemba pa foni, mamega mwagula ndi ndalama ya ndiwo, koma mukaona amene alowa ndi inu nomwe ndi alamu anu basi. Ine mtima wanga uli pa nkhunda nde zitsanzo zikhala za nkhunda, inu muzitengere ku zanu.

Siyani kaye kulimbana ndi dziko lonse. Mukalemba kuti nkhunda imaikira mazira awiri ndipo amaswa pakatha masiku ngati 18, mwanena zoona, koma zimenezo zinalembedwa kale kambirimbiri m'Chingerezi ndi m'Chipwitikizi ndi anthu a ndalama zawo, Google sangakuikeni pamwamba pawo ayi. Chomwe iwowo alibe ndi Angónia. Sadziwa kuti ku Ulongué ndi ku Tsangano mu Juni ndi Julayi kumazizira moti maunda amatha kufera m'khola ngati khomo laloza kochokera mphepo, pomwe ku Moatize ndi mtauni ya Tete mu Okutobala khola la malata limasanduka ng'anjo. Sadziwa kuti khola timaliimika pa mitengo italiitali chifukwa cha amphaka ndi makoswe, kapena nthawi yomwe kabawi amakonda kudutsa, kapenanso komwe munthu angagule gaga wotchipa chimanga chikakwera mtengo. Lembani zimenezo. Mulembe ngati mukuuza mnzanu yemwe wagula nkhunda ziwiri dzulo ndipo akuopa kuti zibwerera kwa mwini wake.

Nde pali nkhani ya mutu. Apa ndi pomwe ambiri timagwera. Mutu ngati “Za ziweto zathu gawo lachiwiri” palibe munthu amene angaulembe pa Google, munthu yemwe nkhunda zake zikudwala amalemba mwachangu, “nkhunda zikupinda khosi nditani”, kapena “chitopa nkhunda”. Mutu wanu ukhale womwewo, mawu omwewo, ndipo yankho libwere m'mizere yoyambirira osati munthu ayende kaye moni wa ndime zitatu. Chonde pa matenda musapeke mankhwala kuti muoneke odziwa. Chitopa chilibe mankhwala ochiza, chomwe chilipo ndi katemera ndi kupatula zodwala, zina mumuuze akafunse alangizi a ziweto. Mukamunamiza khola n'kutha, sadzabweranso ndipo auza anzake.

Lembani m'Chichewa, osachita manyazi. Zolembedwa m'chilankhulo chathu pa intaneti n'zochepa nde mpikisano ndi wochepa, komanso owerenga sathera pa malire a Calomue kapena a Zóbuè, a ku Dedza, Ntcheu, Mwanza mpaka Katete ndi Chipata ku Zambia akumvani bwinobwino. Pansi pa mutu onjezani mzere umodzi wa Chipwitikizi, monga “criação de pombos em Angónia”, chifukwa achinyamata ambiri kuno anaphunzira kulemba m'Chipwitikizi ndipo amasaka choncho ngakhale kunyumba amayankhula Chichewa. Dzina la malo lilembeni mwa njira zonse ziwiri, Ulongué pena, Ulongwe pena.

Tsopano kulemera kwa tsamba. Ganizirani munthu ali pa feira, waima pafupi ndi matumba a mbatatesi, foni yake galasi linasweka pakona, netiweki ya Movitel kapena Vodacom ikuonetsa timizere tiwiri, wadina linki yanu, kachizunguliro kaja kakungozungulira chifukwa pamwamba mwaikapo zithunzi zisanu ndi chimodzi zochokera mu kamera osachepetsa, chilichonse 3 kapena 4 MB. Atseka, ndipo sanalakwe, mamega ndi ake. Chepetsani chithunzi chifike pansi pa 200 KB, njira yachidule n'kuchitumiza kaye pa WhatsApp kwa m'bale wanu n'kutenga chomwe chafika uko, chimakhala chitapepuka kale. Zithunzi ziwiri zakwana. Nyimbo yongoyamba yokha, vidiyo pamwamba, zilembo zothwanima, chotsani zonse. Mukamaliza bwerekani foni yotchipa ya mnzanu mutsegule nokha muone.

Pomwe pali anthu athu ndi pa WhatsApp ndi Facebook, nde pitani komweko, koma mwaulemu. Musangoponya linki m'gulu la mpingo kapena la maliro, akutulutsani. Lowani m'magulu a oweta, pemphani kaye kwa admin, ndipo wina akafunsa funso muyankheni pomwepo zenizeni, kenako muonjeze kuti zithunzi za mmene ndinamangira khola zili apa. Kanthu kena kakang'ono koma kofunika: mukamata linki dikirani pang'ono mpaka kachithunzi ndi mutu zitulukire pamwamba pa uthenga musanadine kutumiza, linki yamaliseche ya zilembo zabuluu zokhazokha anthu amaiopa, amaganiza kuti ndi za akuba aja ofuna ndalama za pa M-Pesa ndi e-Mola. Sitetasi ya pa WhatsApp imakhala maola 24 okha nde linki muziiikapo madzulo anthu ataweruka kumunda ndi kuntchito.

Google Search Console, chida cha Google choonera mmene webusaiti yanu ikupezekera anthu akamasaka, ndi yaulere. Lembetsani webusaiti yanu pamenepo, perekani sitemap, womwe ndi mndandanda wa masamba a webusaiti yanu (ngati muli pa Blogger kapena WordPress imapangika yokha), ndipo nkhani yatsopano ikatuluka pali batani lopempha Google kuti adzaione. Zimatenga masiku, pena masabata, musataye mtima. Chomwe ndimaikondera ine n'choti imakuonetsani mawu enieni omwe anthu analemba asanakupezeni. Mukaona kuti ena anafika posaka “maunda akufa” pomwe inu simunalembepo bwino za zimenezo, basi nkhani ya sabata yamawa mwaipeza.

Dzina la webusaiti likhale lalifupi loti munganene pakamwa mu chapa munthu n'kulikumbukira. Lilembeni pa kapepala, aliyense wogula nkhunda kwa inu apite nako, ndipo ngati wailesi ya m'dera lanu ili ndi pulogalamu ya ulimi pitani mukapemphe kuyankhulako, kumudzi wailesi ikadali ndi mphamvu. Domeni, kapena kuti adiresi yanuyanu ya pa intaneti, yothera ndi .co.mz ndi yabwino koma ndi yolipira chaka ndi chaka, idikire kaye owerenga achuluke.

Aja amalonjeza kukugulitsani alendo masauzande usiku umodzi musawapatse ngakhale metical imodzi, amatumiza makina osati anthu, ndipo makina safunsa za nkhunda. Ndalamayo gulani mamega muzilemba nkhani imodzi sabata iliyonse kapena ziwiri zilizonse, tsiku lomwelomwelo kuti anthu azolowere. Pansi pa nkhani iliyonse ikani linki ya nkhani ina yogwirizana nayo, ya khola iloze ku ya makoswe, ya makoswe iloze ku ya chakudya. Pakatha miyezi itatu onani nkhani yomwe yawerengedwa kwambiri, ibwerereni, muikonze mitengo ngati yasintha, muonjeze chithunzi chatsopano ndi mayankho a mafunso omwe anthu anakutumizirani, kenako muitumizenso m'magulu aja.