Mmene ndinalumikizira GPS, foni ndi mahedifoni pa njinga yamoto

Kwa milungu iwiri mawu a GPS yanga, chipangizo chosonyeza njira chimene chimandiyankhula kudzera m'mahedifoni a m'chisoti, ankaduka nthawi iliyonse foni ikalira, ndipo tsiku lina, ndikuchokera ku Area 25 kupita ku Kanengo, ndinapitirira pokhotera chifukwa m'chisoti munangoti zii, ngakhale kuti mapu ankaoneka bwinobwino pachiwongolero.

Cholakwa chinali changa, popeza ndinalumikiza chipangizo chilichonse ndi chinzake: foni ku GPS, foni ku mahedifoni, komanso GPS ku mahedifoni. Bluetooth ili ndi njira zosiyana zoyendetsera mawu, HFP ya kuyankhula pafoni ndi A2DP ya nyimbo, choncho foni ndi GPS zinkalimbirana njira imodzimodzi ya HFP ya mahedifoniwo, ndipo imodzi ikalowa inzake inkatulutsidwa.

Madzulo ena ndinakhala pakhonde, chisoti chili pamwendo, ndipo ndinafufuta mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa pa zonse zitatu. Apa m'pofunika kudekha, chifukwa dzina limodzi likatsalira, chipangizocho chimabwerera chokha ku kulumikizana kwakale. Kenako ndinazimitsa Bluetooth ya foni, ndinalumikiza mahedifoni ku GPS, ndipo pomaliza ndinalumikiza foni ku GPS yokha, kuti GPS ikhale mkhalapakati wa ziwirizo.

Nyimbo ndinazisiya dala, pakuti pamsewu wa M1 makutu ndimawafunira magalimoto akuluakulu. M'mawa mwake ndinapempha alamu anga kuti andiyimbire ndili pa Area 18. Foni inalira m'chisoti, ndipo titamaliza kuyankhula GPS inapitiriza kundiuza kokhotera.