Oimba akale akabwerera ndi chimbale chatsopano, musachithamangitsire ku perekani

Ine ntchito yanga ya pa Loweruka ndi kuika nyimbo pa maukwati ndi zinkhoswe za Amalawi kuno ku Joni, makamaka m'maholo a ku Rosettenville ndi Turffontein. Achinyamata amene angogula masipika amandifunsa kuti chimbale cha oimba akale amene abwereranso achigwire bwanji. Ndimawayankha ndi nkhani ya Mafikizolo, gulu loimba la kuno ku South Africa, chifukwa ndi pamene ndinapsa manja.

Choyamba dziwani kumene anthuwo achokera. Mafikizolo anali atatu, mpaka pamene Tebogo Madingoane anaphedwa ndi mfuti mu 2004, n'kutsala Theo Kgosinkwe ndi Nhlanhla Nciza. Atatulutsa chimbale cha Six Mabone mu 2006, aliyense anakayamba kuimba payekha, ndipo ambiri tinkati gululo latha. Mu 2013 anabwerera ndi chimbale cha Reunited. Mbiriyi si yongodziwa chabe. Imakuuzani kuti m'holo muli anthu amitundu iwiri: amene anavina Ndihamba Nawe cha m'ma 2002 ali anyamata, ndi ana amene dzinali akulimva koyamba.

Mukachipeza chimbalecho, musamvere pa foni. Lumikizani masipika omwewo amene mumapita nawo ku ukwati, mumvere chonse kawiri, osadumpha. Kachitatu muyatse muli kuchapa kapena kusita. Nyimbo imene yakugwedezani phewa musakudziwa, ilembeni papepala. Nthawi zambiri zimatuluka ziwiri kapena zitatu basi. Zinazo n'zomvera m'galimoto.

Tsopano pamene pagona nkhani: nthawi yoiikira. Ine ndinalakwa apa. Khona, nyimbo ya m'chimbale cha Reunited chija, itangotuluka ndinaikonda kwambiri, ndiye pa chinkhoswe china ndinaiponya pamene MC anaitana akuchikazi kuti adzafupe. Azimayi anadzuka bwinobwino, ma R10 ali m'manja, zitenje atamanga. Itangolira, anaima. Amayembekezera Mafikizolo a kale aja, a kwela ndi marabi, oti munthu umayenda pang'onopang'ono ukuponya ndalama m'lichero, koma apa kunabwera ng'oma za house zimene anapanga ndi gulu lina lotchedwa Uhuru. Mayi wina wachikulire anandiyang'ana n'kunena kuti, “Achimwene, tiikireni yoti tikuidziwa.” MC anandidula pa maiki, makeshala akungoyang'ana lichero lopanda kanthu. Tsiku limenelo mwini chinkhoswe sanandipatse moni wotsanzikana.

Perekani-perekani si malo oyesera nyimbo. Munthu amafupa mwendo ukamayenda wokha, ndipo kuno ndalama yaing'ono ya pepala ndi R10, si ngati kumudzi kumene umasinthitsa n'kukhala ndi mpukutu woponya nyimbo yonse. Akaima kuti amvetsere kaye, ndalama ija yabwerera m'chikwama.

Chochita n'ichi. Nthawi ya perekani ikani zakale zokhazokha. Anthu akadya, keke yagulitsidwa, akuluakulu ayamba kufunsa za mayendedwe, ndi pamene mumatsegula bwalo. Yambani ndi nyimbo yakale ya oimba omwewo, mawu awo akhazikike m'makutu. Ikamatha, musasiye mpata, lowetsani yatsopano anthu akadali chiimire. Akamva mawu a Nhlanhla omwe aja, amapitiriza kuvina ngakhale ng'oma yasintha. Ngati liwiro la ziwirizo latalikirana kwambiri, ikani ina pakati yoti ikhale mlatho. Yang'anani atsikana operekeza mkwati: iwo akakuwa, mwapambana. Akayamba kuona mafoni, tulukanimo msanga, ndipo musaibwerezenso usiku umenewo.

Komanso tsegulani makutu mkati mwa sabata. Nyimbo ikayamba kulira m'ma taxi a ku Bree ndi Noord, m'masaluni ndi m'mashopu a ku Mayfair, dziwani kuti yapsa, mutha kuikweza n'kuiika ngakhale polowa akwati. Khona inatero. Pofika 2014 inatenga mphoto ya nyimbo ya chaka pa MTV Africa Music Awards ku Durban, Mafikizolo n'kutenganso ya gulu lopambana. Chaka chomwecho, pa ukwati wina ku Turffontein, azimayi a msinkhu wa mayi uja anabwera okha pa tebulo langa kudzaipempha, ndipo ndinaiika katatu.